Majekete a "POLITE" ndi mahatchi m'misewu ya ku Britain: mafunso ndi mayankho

Amene wayendetsapo galimoto m'timisewu ta kumidzi ya ku England kapena ku Wales akudziwa zimenezi. Mukungokhota pakona, kutsogolo kwatulukira hatchi, pamsana pake pali munthu wovala jekete yachikasu yowala yokhala ndi timabokosi tabuluu, mtima uja phaa, phazi lili kale pa buleki. Kuyandikira, mupeza kuti si wapolisi ayi, ndi mayi wa m'mudzi momwemo amene watulutsa hatchi yake kuti iwongole miyendo. Anzathu ambiri amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo amadutsa m'timisewu totere tsiku ndi tsiku. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri, ena kuchokera kwa oyendetsa galimoto, ena kwa makolo amene ana awo ayamba kuphunzira kukwera hatchi.

Kodi zovala zimenezi n'zotani kwenikweni?

Ndi majekete owala ngati amene amavala anthu okonza misewu, koma anawasoka mwadala kuti munthu akawaonera patali aziganiza za apolisi. Nsalu yake ndi yachikasu, ili ndi mzere wa timabokosi tabuluu ndi tasiliva, ndipo kumsana kwalembedwa mawu akuluakulu akuti POLITE. M'Chingerezi mawuwa amatanthauza ulemu, koma amasiyana ndi POLICE pa chilembo chimodzi chokha. Pansi pake pamakhala timawu tating'ono topempha woyendetsa galimoto kuti achepetse liwiro.

Kampani imene inatchukitsa zovalazi pakati pa okwera mahatchi ndi Equisafety. Pali zina za hatchi yomwe: nsalu yofunda kumbuyo, malamba a m'miyendo, ndi lamba wozungulira chipewa cha wokwera. Okwera njinga zamoto ndi zakapalasa nawo anatengera, moti POLITE mudzamuonanso m'tauni.

Timabokosi tokha n'kukumbutsa munthu za apolisi?

Ku Britain, inde. Mu 1932 mkulu wa apolisi a mumzinda wa Glasgow, Percy Sillitoe, anayambitsa lamba wa timabokosi takuda ndi toyera pa zipewa za apolisi ake, kuti anthu aziwasiyanitsa ndi ena ovala zipewa zofanana. Chizindikirocho chinafalikira dziko lonse. M'zaka za m'ma 1990 magalimoto a apolisi anayamba kupentedwa mabokosi akuluakulu abuluu ndi achikasu. Choncho munthu wokulira kumeneko akaona buluu, chikasu ndi timabokosi pamodzi, maso amamaliza okha nkhani asanawerenge n'komwe chilembo. Onjezanipo kuti apolisi a ku London ndi a madera ena ali ndi mahatchi awoawo, ndiye wapolisi wa pahatchi si chinthu chachilendo.

Mahatchiwo amafunanji pamsewu wa galimoto? Minda yonse ija?

Funso limeneli limabwera ndi kaukali pang'ono, makamaka kwa amene achedwa ku ntchito. Minda ija ili ndi eni ake, ndipo munthu sangangolowamo ndi hatchi. Pali njira zapadera zimene lamulo limalola mahatchi kudutsamo, zotchedwa bridleway, koma ku England njira zimene wokwera hatchi angagwiritse ntchito ndi pafupifupi 22 peresenti yokha ya njira zonse za anthu zodutsa m'minda ndi m'tchire. Vuto lina n'lakuti njirazi n'zoduka-duka. Ina imathera pamsewu, inzake n'kuyambira kilomita imodzi kutsogolo, ndiye pakatipo wokwera alibe kolowera kwina.

Mwalamulo hatchi ili ndi ufulu woyenda pamsewu ngati galimoto yanu. Kumene siiloledwa ndi pa misewu ikuluikulu ya magalimoto othamanga yotchedwa motorway ndiponso m'kanjira ka oyenda pansi ka m'mphepete mwa msewu. Tikamamuona wokwera ali pa phula m'malo mokwera m'mbali mwa oyenda pansi, si mwano, akutsata lamulo.

Kodi ngozi zake n'zochuluka mpaka anthu kufika povala ngati apolisi?

Bungwe loona za mahatchi ndi okwera ake la British Horse Society limasonkhanitsa malipoti a zimene okwera amakumana nazo pamsewu. Mu 2023 linalandira malipoti 3,383, ndipo mahatchi 66 anafa. Ambiri mwa malipotiwo amanena chinthu chimodzimodzi: galimoto inadutsa mothamanga kwambiri kapena moyandikira kwambiri. Awa ndi amene anthu anadzipereka kukanena, ndipo si aliyense amanena.

Timisewu ta kumidzi tambiri liwiro lake lololedwa ndi mamailosi 60 pa ola, pafupifupi makilomita 96, ngakhale kamsewuko kali kopapatiza, kokhotakhota, kotchingidwa ndi mipanda ya zitsamba yaitali kuposa galimoto. Hatchi yapakatikati imalemera makilogalamu ngati 500, ndipo thupi lake lili pamwamba pa miyendo yaitali. Galimoto ikaigunda imathyola miyendoyo, thupi lonse n'kugwera pa galasi lakutsogolo. Pamenepo woyendetsa galimoto naye moyo wake uli pachiswe. Amene amagula jekete ya POLITE kawirikawiri ndi munthu amene galimoto inamupalapo kale pa bondo. Mantha akewo ndi omveka, ngakhale njira imene wasankha ili ndi mafunso.

Kodi lamulo limakakamiza wokwera hatchi kuvala zowala?

Ayi. Buku la malamulo a pamsewu la Highway Code, pa ndime 50, limalangiza kuti masana wokwera avale zowala kapena za mtundu wowonekera, ndipo usiku kapena kukakhala nkhungu avale zonyezimira. Ndime 51 imati ndi bwino osayenda usiku n'komwe, koma ngati mwayenda, hatchi ikhale ndi malamba onyezimira m'miyendo, ndipo wokwera amange nyali kudzanja kapena kumwendo wa kumanja, yowala zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo.

M'bukuli muli mitundu iwiri ya ndime. Pamene palembedwa MUST ndi zilembo zazikulu ndi lamulo lenileni, kuliphwanya ndi mlandu. Pamene palembedwa should ndi langizo. Za zovala zowala zili m'gulu la malangizo. Komabe langizo lotere khoti limatha kuligwiritsa ntchito pofuna kuona amene analakwitsa, choncho wokwera amene wagundidwa chisisira atavala zakuda akhoza kuuzidwa kuti mbali ina ya ngoziyo ndi yake, chipukuta misozi n'kuchepetsedwa.

Chokakamiza ndi chipewa choteteza mutu kwa ana osakwana zaka 14, malinga ndi lamulo la 1990. Makolo, ichi chokha musachite nacho mphwayi, ndipo lamba wake akhale womangidwa.

Nanga kuvala jekete ya POLITE n'kuphwanya lamulo?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo yankho lake si inde kapena ayi. Ku England ndi Wales nkhaniyi ili m'gawo 90 la lamulo la apolisi la Police Act 1996. Gawoli lili ndi milandu itatu.

Woyamba ndi kudzionetsa ngati wapolisi n'cholinga chonamiza anthu. Uwu ndi waukulu, chilango chake chimafika miyezi 6 kundende, chindapusa, kapena zonse ziwiri. Wachiwiri ndi kuvala chovala cha apolisi m'njira yokupangitsani kufanana kwambiri ndi wapolisi moti anthu n'kupusitsika, ndipo chindapusa chake chimafika £1,000. Wachitatu ndi kupezeka ndi chovala cha apolisi popanda chifukwa chomveka.

Wokwera hatchi wamba umamukhudza ndi wachiwiriwo, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, lamuloli likamati chovala cha apolisi silikunena yunifomu yeniyeni yokha, likuphatikizapo chilichonse chooneka ngati yunifomu, baji kapena chizindikiro chawo. Chachiwiri, pa mlandu umenewu sipafunika umboni woti munali ndi cholinga chonamiza. Pa mlandu wa Turner ndi Shearer mu 1972, pansi pa lamulo lakale lokhala ndi mawu omwewo, khoti lalikulu linagamula kuti chofunika n'chakuti kodi maonekedwewo angapusitse anthu, osati zimene wovalayo anali nazo mumtima. Ndiye kunena kuti "ine ndimangofuna magalimoto achepetse liwiro" sikukupulumutsani. Komanso tinene zoona: jeketeyi mphamvu yake yonse ili poti woyendetsa galimoto aganize kwa kamphindi kuti waona wapolisi. Munthu sanganene kuti jekete imagwira ntchito chifukwa imafanana ndi ya apolisi, kenako n'kunenanso kuti siifanana.

Kumbali inayo, palibe lamulo lotchula POLITE kuti ndi yoletsedwa, kugulitsa kwake kukuchitika poyera, ndipo anthu ambirimbiri aivala kwa zaka osafunsidwa ndi aliyense. Amene angagamule ndi khoti, poona munthu mmodzi, zovala zake zonse ndi malo amene anali. Ku Scotland kuli lamulo lakelake la 2012 lonena zofanana.

Apolisi eni ake amati chiyani?

Mu 2013 bungwe la akuluakulu a polisi la ACPO, kudzera mwa mkulu woyang'anira apolisi a pamahatchi, linachenjeza kuti zovala zosokedwa motsanzira yunifomu zikhoza kuika wovala pa mlandu wa gawo 90. Linatchula zinthu zitatu zimene zikaphatikizana zimabweretsa vuto: mtundu wachikasu, timabokosi, ndi mawu ofanana ndi POLICE. Opanga zovalazo anatsutsa, ndipo malonda anapitirira. Bungwe la ACPO linatha mu 2015, m'malo mwake munalowa bungwe lina la akuluakulu a polisi lotchedwa NPCC.

Dandaulo la apolisi silinali la ulemu wa yunifomu chabe. Munthu amene waberedwa kapena amene ali pangozi akhoza kuthamangira wokwera hatchi poganiza kuti wapeza thandizo. Palinso anthu amene amadana ndi apolisi, ndipo mtsikana wa zaka 15 amene ali yekha pahatchi m'kamsewu kopanda anthu si woyenera kulandira mkwiyo umenewo. Masiku onse zimatengera wapolisi amene mwakumana naye. Wina amangomwetulira n'kudutsa, wina amakuimitsani n'kukuuzani kuti muivule.

Alipo amene anaimbidwapo mlandu chifukwa cha jekete yotereyi?

Mlandu umene unamveka kwambiri si wa hatchi, ndi wa njinga yamoto. Mu 2018 khoti la ku London linapeza wolakwa bambo wina amene ankayenda pa njinga yamoto yoyera imene kale inali ya apolisi, atavala jekete yowala ya POLITE. Sanapite kundende, koma analipira ndalama za khoti ndipo mlandu unalembedwa pa dzina lake. Chimene chinamugwetsa si jekete payokha, ndi zonse pamodzi: njinga, mtundu wake, zomata zake ndi zovala.

Phunziro kwa wokwera hatchi lili pomwepo. Jekete yokha pa munthu wovala buluku lofiira, wokwera kahatchi kakang'ono ka mawangamawanga, n'zovuta kuti wina apusitsike. Koma hatchi yaikulu yakuda, nsalu ya timabokosi kumbuyo, lamba wa timabokosi pachipewa chakuda, buluku lakuda ndi nsapato zazitali, pamenepo mwafika pamalire. Kwa ife amene tikukhala ndi viza, mlandu uliwonse wolembedwa, ngakhale wa chindapusa chochepa, umatulukanso pokonzanso mapepala kapena pofunsira ntchito yosamalira anthu.

Koma kodi imagwiradi ntchito? Magalimoto amachepetsadi liwiro?

Okwera ambiri amalumbira kuti inde, ndipo sindikuwatsutsa kuti pa kuona koyamba phazi limapita pa buleki. Ine ndemwe zinandichitikira. Funso n'lakuti chimachitika n'chiyani woyendetsa akawerenga chilembo chija.

Kafukufuku amene alipo ndi wa njinga zakapalasa. Dr Ian Walker wa pa yunivesite ya Bath ndi anzake anafalitsa zotsatira zake mu 2014. Wopalasa mmodzi ankasintha zovala mitundu 7, chipangizo n'kumayeza mpata umene galimoto iliyonse yamusiyira pomudutsa, ndipo anayeza magalimoto 5,690. Chovala chokha chimene chinawonjezera mpata moonekera chinali chokhala ndi mawu akuti POLICE ndi chenjezo loti akujambula pa kamera. Jekete ya POLITE sinamupatse mpata woposa zovala wamba. Ndipo kaya avale chiyani, panali kagulu kakang'ono, galimoto imodzi kapena ziwiri pa 100 alionse, kamene kankadutsa pafupi moopsa.

Njinga si hatchi, ndipo kafukufukuyo anayeza mpata osati liwiro. Komabe akugwirizana ndi zimene nzeru wamba ingatiuze. Msampha wa mtundu umenewu umagwira mlendo. Amene amadutsa msewu womwewo tsiku lililonse amaizolowera jeketeyo pa sabata imodzi, ndipo ena akazindikira kuti apusitsidwa amapsa mtima n'kuponda mafuta ali pambali pa hatchi, pamalo oipitsitsa. Chimene chimathandiza wokwera pa jekete ija ndi kuwala kwake, ndipo kuwalako kumapezeka popanda timabokosi.

Chowala ndi chonyezimira si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ambiri amasokoneza. Nsalu yowala ija, yachikasu, yaolenji kapena yapinki, imatenga mbali ya kuwala kwa dzuwa imene maso athu saona n'kuibweza ngati kuwala kooneka. N'chifukwa chake imaoneka ngati ikuyaka m'mawa, chisisira ndi pamene kuli mitambo. Usiku ilibe ntchito, imangokhala nsalu ngati ina iliyonse.

Mizere yasiliva ija, imene kwathu timangoti rifulekita, ili ndi timikanda tagalasi kapena timakona ting'onoting'ono tobweza kuwala komwe kwachokera. Nyali za galimoto zikaimenya, kuwalako kumabwerera m'maso mwa woyendetsa. Masana siithandiza kwenikweni. Chovala chabwino chimakhala ndi zonse ziwiri, makamaka m'nyengo yozizira pamene ku Britain kumada 4 koloko isanakwane.

Pogula onani kachikwangwani ka m'kati. EN ISO 20471 ndi muyezo wa zovala za pantchito, EN 17353 ndi wa zovala za anthu wamba, umene unalowa m'malo mwa EN 1150. Kuchapa pafupipafupi, matope ndi dzuwa zimafooketsa nsalu yowala, choncho jekete yofwifwa ya zaka zisanu isakunamizeni.

Kuwalako kumapulumutsa bwanji, poti hatchi ndi chinyama chachikulu chooneka kale?

Hatchi yofiirira pansi pa mitengo, pafupi ndi mpanda wa zitsamba, imasowa ngati mbawala m'tchire. Bungwe la British Horse Society limati zovala zowala zimatha kupatsa woyendetsa galimoto masekondi atatu owonjezera. Atatu akumveka ochepa, koma tawerengani. Pa liwiro la mamailosi 30 pa ola galimoto imayenda mamita 40 m'masekondi atatu, pamene kuti iime imafuna mamita 23. Pa mamailosi 60 imayenda mamita 80, ndipo kuima kumafuna 73. Masekondi amenewo ndiye kusiyana kwa kuima ndi kugunda.

Pali phindu lina limene anthu saliganizira. Ndege za helikopita za asilikali zimauluka m'munsi kwambiri m'madera ena akumidzi, ndipo woyendetsa akaona zowala msanga amatha kupatuka. Wokwera akagwa n'kuvulala m'munda, omufunafuna amamupeza mosavuta.

Mtundu wabwino ndi uti, ndipo hatchi nayo ivale?

Zimatengera kumene mukudutsa. Chikasu chimasowa pafupi ndi minda ya mbewu ya mafuta yotchedwa rapeseed ikachita maluwa mu Epulo ndi Meyi, komanso m'masamba anthete dzuwa likawala. Olenji amasowa m'masamba ofota a mu Okutobala. Pinki sapezeka kwambiri m'chilengedwe. Ambiri amaphatikiza mitundu iwiri, ndipo mwa njira imeneyi kufanana ndi apolisi kumatheratu.

Hatchi iyenera kuvala, chifukwa ikamugwetsa wokwera imathamangira kwawo yokha, ndipo jekete yatsala m'ngalande ndi mwini wake. Malamba a m'miyendo ndi othandiza kwambiri popeza miyendo imayenda, ndipo diso la munthu limakopeka ndi chinthu choyenda. Lamba wa pachipewa amaonekera pamwamba pa mpanda galimoto isanakhote.

Ndine woyendetsa galimoto. Ndikakumana ndi hatchi ndichite chiyani?

Kuyambira pa 29 Januwale 2022, ndime 215 ya Highway Code imanena manambala momveka. Chepetsani liwiro lisapitirire mamailosi 10 pa ola, amene ndi makilomita 16. Dikirani, osaimba hutala, osaliza injini. Mpata ukapezeka, dutsani pang'onopang'ono mutasiya mamita osachepera awiri pakati pa galimoto ndi hatchi. Mukadutsa musathamange nthawi yomweyo, chokanipo mofatsa. Ngati kamsewu n'kopapatiza moti mamita awiri sakukwana, khalani kumbuyo mpaka wokwera apeze popatukira, kapena imani ngati akubwera kutsogolo kwanu. Zimenezi zikukhudzanso mahatchi oyenda okha m'madera a tchire a New Forest, Exmoor ndi Dartmoor.

Chifukwa chake chili m'chibadwa cha nyamayi. Hatchi ikadzidzimuka siiganiza, imathawa, ndipo kawirikawiri imalumphira cham'mbali. Choidzidzimutsa sichikhala galimoto yanu nthawi zonse. Ikhoza kukhala jumbo youluka mumpanda, mbalame yobuka mwadzidzidzi kapena galu kuseri kwa geti. Zinthu zimenezi zili kumanzere, ndiye hatchi imalumphira kumanja, kumene kuli inu. Mamita awiri aja ndi malo oti ilumphiremo. Amene tinakulira pafupi ndi ngolo za ng'ombe ndi abulu tisamale pamenepa, chifukwa tinazolowera nyama zofatsa zimene umaziimbira hutala n'kuzidutsa pafupi. Hatchi si bulu.

Tsitsaninso wailesi, ndipo kukagwa mvula samalani ndi zithaphwi. Ngati galimoto yanu ndi yamagetsi, kumbukirani kuti hatchi ndi wokwera mwina sanakumveni n'komwe.

Wokwera akandikwezera dzanja, ndiyenera kumumvera? Si wapolisi.

Zoona, si wapolisi, kaya wavala chiyani. Mphamvu yoimitsa galimoto mwalamulo ili ndi wapolisi wa yunifomu ndi ena ochepa amene lamulo linawapatsa. Dzanja la wokwera ndi pempho. Koma ndime 215 yomweyo imati muzisamala zizindikiro zake ndi kumvera akapempha kuti muchepetse liwiro kapena muime. Akatambasula dzanja n'kumalikweza ndi kulitsitsa, akuti chepetsani. Akakuonetsani chikhatho, akuti imani.

Iye ali pamwamba, amaona kuseri kwa mpanda kumene inu simukuona, ndipo akumva m'miyendo mwake kuti hatchi yayamba kunjenjemera. Mukanyalanyaza ngozi n'kuchitika, zimenezo zidzanenedwa kukhoti. Akapanda kukweza dzanja lothokoza musakhumudwe, mwina manja onse ali pa zingwe, ndiye amangogwedeza mutu.

Wokwera wovala POLITE asamale kawiri pamfundo imeneyi. Kuimitsa magalimoto ndi dzanja mutavala zofanana ndi apolisi ndiko kungakusunthireni kufupi ndi mlandu woyamba uja wa m'gawo 90.

N'chifukwa chiyani ena amayenda awiri mogundizana n'kutseka msewu?

Ndime 53 imalola awiri kuyenda moyandikana, koma osapitirira apo, ndipo imati m'misewu yopapatiza, yodzaza magalimoto ndi m'makona ayende mondondozana. Mukaona awiri, kawirikawiri wa kumanja ndi wamkulu amene akutchinjiriza mwana kapena hatchi yaing'ono imene ikuphunzira msewu.

Pa raundabauti napo amadabwitsa. Wokwera amakhala kumanzere ngakhale akukhotera kumanja, ndipo amatambasula dzanja lamanja podutsa potulukira pamene sakutulukira. Musamudule kutsogolo.

Bwanji za kamera? Ndaona majekete olembedwa kuti akujambula.

Kujambula pamsewu wa anthu onse n'kololedwa, ndipo okwera ambiri tsopano amamanga kamera pachipewa kapena pachifuwa. Apolisi a madera ambiri amalandira makanema otere pa intaneti, ambiri pansi pa dzina loti Operation Snap, ndondomeko imene inayambira ku Wales. Kanema atumizidwe msanga, chifukwa pa milandu yambiri ya pamsewu mwini galimoto amayenera kulandira chidziwitso pasanathe masiku 14. Ndi bwinonso osayamba mwauika pa Facebook.

Woyendetsa amene wadutsa hatchi mosasamala akhoza kutumizidwa ku maphunziro, kulipira £100 ndi kulandira mapointi atatu pa laisensi, kapena kupita kukhoti ngati zinali zoopsa. Malinga ndi kafukufuku watchulidwa pamwambapa, mwina chenjezo la kamera ndi limene limawafika pamtima oyendetsa, ngakhale chovala chija chinalinso ndi mawu akuti POLICE. M'maganizo anga, jekete yapinki kapena yaolenji yonena zoona kuti pali kamera ndi yanzeru kuposa yonamizira upolisi. Woyendetsa akayandikira n'kuwerenga, mantha ake amakula m'malo mosanduka mkwiyo.

Ngozi ikachitika, ndani amalipira, ndipo tichite chiyani pamalopo?

Gawo 170 la lamulo la pamsewu la Road Traffic Act 1988 limatchula hatchi pa nyama zimene mukazigunda muyenera kuima ndi kupereka dzina, adiresi ndi nambala ya galimoto. Ngati simunathe kupereka kwa aliyense, kaneneni kupolisi pasanathe maola 24. Wina akavulala, kapena hatchi ikamathamanga yokha pamsewu, imbani 999. Wokwera amene wagwa musamudzutse kapena kumuvula chipewa pokhapokha ngati pali choopsa china. Hatchi yovulala musaiyandikire chakumbuyo.

Za kulipira zimatengera wolakwa. Galimoto ili ndi inshuwalansi mokakamizidwa, pamene wokwera hatchi wamba lamulo silimukakamiza. Koma kukhala wopanda n'kudziika pamoto. Pa mlandu wa Mirvahedy ndi Henley mu 2003, mahatchi anadzidzimuka usiku ku Devon, anathyola mpanda n'kukafika pamsewu waukulu, imodzi n'kugundana ndi galimoto. Khoti lalikulu kwambiri la nthawi imeneyo, House of Lords, linagamula kuti eni mahatchiwo alipire ngakhale sanachite mosasamala, potsata lamulo la nyama la 1971. Ngati mwana wanu amabwereka hatchi ya mnzake kukayenda nayo pamsewu, funsani za inshuwalansi asanatuluke pageti.

Zimene zachitika, ngakhale palibe wovulala, zikhoza kulembedwanso pa pulogalamu ya pafoni ya Horse i ya British Horse Society. Manambala aja a m'funso lachinayi amachokera kumeneko.

Ndinagula kale jekete ya POLITE, kapena mwana wanga anapatsidwa. Nditaye?

Osati kutaya, nsalu yake ndi yabwino ndipo ndalama zinapita. Chofunika ndi kuthyola chithunzi cha wapolisi. Ena amasoka kapena kumata lamba wonyezimira wamba pamwamba pa timabokosi, ena amaphimba mawu aja ndi chigamba cholembedwa pempho loti magalimoto adutse patali ndi pang'onopang'ono. Ngati simukufuna kuisintha, musaiphatikize ndi zina za timabokosi pachipewa ndi pahatchi, ndipo valani china chapinki kapena chaolenji pamodzi nayo. Nyali yabuluu yothwanima musaiyerekeze n'komwe.

Mwana yekha ndingakonde asavale za timabokosi. Munthu wachikulire akhoza kufotokoza bwinobwino kwa wapolisi amene wamuimitsa, kapena kwa munthu wolusa amene watsitsa galasi. Mwana wa zaka 12 amene akulimbana ndi hatchi yonjenjemera sangakwanitse zonsezo nthawi imodzi. Mugulireni jekete yowala wamba yomukwana bwino, malamba anayi a m'miyendo ya hatchi, ndipo funsani kusukulu yake ya mahatchi ngati amaphunzitsa Ride Safe, maphunziro a British Horse Society a kayendedwe ka pamsewu.